Kudina kwa masenti 10 kumene kunakudyerani madola 26

Funso: Ndimagulitsa zikwama kudzera pa intaneti. Chikwama chimodzi ndi madola 40, ndipo ndikachotsa zonse ndimatsala ndi phindu la madola 12. Mwezi watha ndinaika madola 50 pa Facebook, anthu 500 anadina uthenga wanga, koma zikwama zinapita ziwiri zokha. Panopa mwini webusaiti ina ya zafashoni akufuna madola 3 pa anthu 1,000 alionse oona chithunzi changa. Ku Google akuti kudina kumodzi kukhoza kufika masenti 40. Palinso mtsikana wina wotchuka pa Instagram amene akufuna komishoni ya 15 peresenti pa chikwama chilichonse chogulidwa kudzera mwa iye. Njira yotchipa ndi iti?

Yankho: Mayi, zikomo potumiza manambala. Ambiri akamafunsa nkhani imeneyi amangoti "kodi Facebook imathandiza?" ngati akufunsa za mankhwala a mutu. Ndi manambala anuwa tikhoza kukambirana zenizeni.

Tiyambe ndi madola 50 apita aja. Anthu 500 anadina, ndiye kuti kudina kulikonse kunakudyerani masenti 10, ndipo m'maso mwanu zikuoneka zotchipa mukayerekeza ndi masenti 40 a Google. Koma tawerengani chakumapeto. Zikwama zinapita ziwiri, choncho kasitomala aliyense munamugula madola 25, iye n'kukusiyirani 12. Munatulutsa 50, kunabwerera 24, ndipo madola 26 anapita osatsanzika. Paja akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pa anthu 500 aja, oti n'kuwatchula ndi awiri basi.

Njira zolipirira zotsatsa pa intaneti zili ndi mayina ambiri a zilembo zitatuzitatu, moti munthu akhoza kuchita nazo chizungulire. Mukazivula mayinawo, zonse zikuyankha funso limodzi: zinthu zikapanda kuyenda, waluza ndani?

Imene akukuuzani mwini webusaitiyo imatchedwa CPM. Chilembo cha M chikuchokera ku liwu la Chilatini lakuti mille, kutanthauza 1,000. Mumalipira chithunzi chanu chikaonetsedwa ka 1,000, kaya wina wadina kaya ayi, kaya wagula kaya ayi. Mwini tsamba ndalama yake walandira, katundu yense wa kuluza ali pamutu panu. Njirayi inatengera za nyuzipepala ndi wailesi, kumene wotsatsa amagula maso ndi makutu a anthu. Chithunzi chotsatsa chimene ambiri amati ndicho choyamba chinaikidwa pa webusaiti ya HotWired mu October 1994, cha kampani ya AT&T, ndipo mbiri imati anthu pafupifupi 44 pa 100 alionse ochiona anachidina. Chinali chachilendo, anthu ankafuna kuona kuti chiwatengera kuti. Lero zithunzi zoterezi odina nthawi zambiri safika ngakhale mmodzi pa 100.

Otsatsa atatopa ndi kulipirira maso okha, anayamba kukankhira katundu uja kwa eni masamba. Mu 1996 kampani ya Procter & Gamble inagwirizana ndi Yahoo kuti izilipira pokhapokha munthu akadina. Mu 1998 Bill Gross, ndi tsamba lake lofufuzira la GoTo.com, anasandutsa zimenezi kukhala okushoni: wolonjeza ndalama zambiri pa kudina kumodzi ankakhala pamwamba. Imeneyi ndiyo CPC, kulipira pa kudina kulikonse. Apa mwagawana. Anthu akapanda kudina, waluza ndi mwini tsamba chifukwa malo ake apita ulele. Akadina koma osagula, waluza ndinu, monga zinakuchitikirani mwezi watha.

Yachitatu ndi ya mtsikana wa pa Instagram, yolipira pokhapokha chimene mukufuna chachitika. Amaitcha CPA, ndipo Amazon inaitchukitsa kuyambira 1996 popereka komishoni kwa eni masamba otumiza ogula mabuku. Apa katundu yense ali pamutu pa wotsatsayo. Akalengeza mlungu wonse chikwama osapita, inu simutulutsa kanthu.

Mwina mukuti ndiye yankho lapezeka, tingotenga yachitatuyo. Dikirani kaye. Wogulitsa malo si chitsiru, ndipo akasenza katundu wochuluka amadulitsanso mtengo. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kaya inu mukulipira motani, wogulitsa malo m'mutu mwake amawerengera njira imodzi yokha: malo anga akaonetsedwa ka 1,000, ndipeza zingati? Google inayamba AdWords, ntchito yake yogulitsa malo otsatsira, mu 2000 ikulipiritsa pa kuonetsa, ndipo itasamukira ku kulipira pa kudina mu 2002 inawonjezapo nzeru imene GoTo inalibe. Inayamba kuchulukitsa ndalama imene mwalonjeza ndi mwayi woti anthu adine uthenga wanu. Tayerekezani anthu awiri akulimbirana malo amodzi. Woyamba walonjeza dola imodzi pa kudina, koma uthenga wake umadinidwa ndi munthu mmodzi pa 100. Wachiwiri walonjeza masenti 50 okha, koma wake umadinidwa ndi anthu 4 pa 100. Pa anthu 1,000, woyamba abweretsera Google madola 10, wachiwiri madola 20. Malo apita kwa wolonjeza zochepayo. Ndipotu salipira masenti 50 onse, chifukwa pa okushoni yotereyi umalipira yongokwanira kupitirira amene ali pambuyo pako, ndiye kuti pamasamu athuwa masenti 25 ndi kakang'ono pamwamba. Maganizo oti wopambana alipire molingana ndi mtengo wa wachiwiri ndi akale ndithu, anawalemba William Vickrey mu 1961, intaneti kulibe. Pa zithunzi zoikidwa m'mawebusaiti, Google inasiya njirayi mu 2019, ndipo kumeneko tsopano umalipira yomwe walonjezayo.

Masiku ano masamu a Google ndi Facebook ali ndi zambiri zowonjezera, koma fupa lake ndi lomwelo. Kwa inu zikutanthauza kuti chithunzi chabwino ndi mawu ogwira mtima zimatsitsa mtengo. Wogulitsa wamng'ono sangapose makampani aakulu pa kulonjeza ndalama, koma akhoza kuwaposa pa kudziwa chimene ogula ake amafuna kuona. Zikutanthauzanso kuti palibe mtengo wokhazikika. Masenti 40 amene mwamvawo akhoza kukhala 25 mwezi uno, n'kufika 70 mu November otsatsa onse akathamangira Black Friday, tsiku la malonda otsitsidwa mtengo, ndi Khirisimasi.

Popeza wogulitsa malo amasandutsa zonse kukhala muyezo wake, inunso sandutsani zonse zikhale muyezo wanu, womwe ndi mtengo wa kasitomala mmodzi. Malire anu ndi madola 12. Kupyola pamenepo mukugwirira ntchito eni intaneti.

Tengani Google. Madola 12 mukawagawa ndi masenti 40 mupeza 30. Ndiye kuti ngati mmodzi mwa anthu 30 odina agula, simunaluze simunapindule. Ngati agula mmodzi pa 20, kasitomala wakudyerani madola 8 ndipo mwatsala ndi 4. Pa Facebook paja anagula mmodzi pa anthu 250, choncho kudina kwa kumeneko kunayenera kukhala kosafika masenti 5 kuti mungobweza ndalama yanu. Mukuona nokha kuti kudina kwa masenti 40 kukhoza kutchipa kuposa kwa masenti 10. Chifukwa chake n'chapafupi. Munthu wolemba pa Google kuti akufuna kugula chikwama chachikopa wanyamuka kale, ndalama ili m'manja. Wa pa Facebook anabwera kudzaona zithunzi za ukwati wa msuweni wake, inu mwangomudutsa kutsogolo. Sindikulonjezani kuti agula mmodzi pa 20, nambala imeneyo muipeza mukayesa. Chimene ndingakuchenjezeni n'chakuti musasiye Google ikusankhireni mawu mwachisawawa. Pali malo oonera mawu enieni amene anthu analemba asanadine uthenga wanu. Tsegulani pamenepo masiku awiri alionse, ndipo mudzadabwa kupeza kuti mukulipirira anthu ofuna kusoketsa chikwama chong'ambika, ofuna zikwama zaulere, ndi ana asukulu ofuna zithunzi za chikwama. Mawu oterewa mukhoza kuwaletsa kuti asamatulutse uthenga wanu, ndipo kuwaletsa n'kwaulere.

Mwini webusaiti ya zafashoni ndiye akundikayikitsa. Madola 3 amamveka ochepa, koma ngati pa anthu 1,000 odina ali awiri, kudina kumodzi kwafika dola imodzi ndi theka, ndipo kuti mubweze ndalama pafunika munthu mmodzi pa 8 alionse odina agule. Zimenezo sizichitika kawirikawiri. Iye adzakuuzani kuti phindu la chithunzi si kudina kokha, anthu amakumbukira dzina n'kudzagula mtsogolo. Akunena zoona, n'chifukwa chake makampani a zakumwa ndi magalimoto amalipira mwa njira imeneyi. Koma iwo ali ndi mpamba wodikira chaka. Inu muli ndi madola 50 pamwezi.

Ngati mtima wanu uli pomwepo, mufunseni kuti akamati anthu 1,000 "oona" akutanthauza chiyani. Chithunzi chikhoza kuwerengedwa kuti chaonetsedwa chili pansi penipeni pa tsamba, kumene wowerenga sanafikeko n'komwe. Mu 2014 bungwe la ku America la Media Rating Council linaika muyezo woti chithunzi chiziwerengedwa kuti chaoneka ngati theka lake lakhala pa sikirini kwa sekondi imodzi, ndipo vidiyo kwa masekondi awiri. Taonani kuchepa kwake, theka la chithunzi kwa sekondi imodzi! Komabe zithunzi zambiri zolipiridwa sizifika ngakhale pamenepo. Mufunseninso kuti owerenga ake ali kuti, chifukwa ngati ambiri ali kumayiko kumene simutumizako katundu, mukulipirira maso opanda ntchito. Chabwino chimodzi pa iye n'chakuti mukukambirana maso ndi maso, popanda apakati. Kafukufuku wa bungwe la otsatsa la ku Britain la ISBA pamodzi ndi PwC mu 2020 anapeza kuti pa ndalama zodutsa m'makina ogulira malo otsatsira, eni masamba ankalandira pafupifupi 51 peresenti yokha, ndipo 15 peresenti sinkadziwika n'komwe kumene yalowera. Ndiye mukhoza kumupempha mlungu umodzi woyesera pa mtengo wotsika, ndi linki yakeyake yoti muziwerengera obwera kuchokera kwa iye.

Nanga Facebook muisiye? Ayi, poyamba fufuzani chimene munaiuza. Makina amenewa amakupatsani chimene mwapempha, ndendende. Mukawauza kuti mukufuna kudina kwambiri, amakasaka anthu okonda kudina, ndipo alipo ambiri, ena amadina chilichonse chowala, ena chala chimangogunda mwangozi akamatsitsa tsamba pa foni. Anthu otere ndi otchipa chifukwa otsatsa ozindikira sawalimbirana. Ndinathandizapo kampani ina yaing'ono imene mwini wake ankanyadira kuti kudina kwatsika mtengo ndi theka. Titayerekeza odina ndi amene anafikadi pa tsamba lake, tinapeza kuti ambiri ankabwerera tsambalo lisanatseguke, chifukwa linali lodzaza zithunzi zikuluzikulu zochedwa kutuluka pa foni. Iye ankalipira anthu ogogoda pachitseko chimene sichinkatseguka. Inunso yang'anani manambala awiriwa pa anthu 500 anu aja, ndipo tsegulani tsamba lanu pa foni wamba, ya munthu wina, muwerenge masekondi.

Chofunika ndi kuuza Facebook kuti isake ogula. Vuto lake n'lakuti Meta, kampani mwini Facebook, imanena yokha kuti makina ake amafuna zochitika pafupifupi 50 pamlungu kuti aphunzire bwino anthu oyenera, ndipo inu zikwama 50 pamlungu simunafikepo. Ndiye sankhani chinthu chapafupi ndi kugula chimene chimachitika kangapo patsiku, monga munthu kukutumizirani uthenga wofunsa kapena kuika chikwama m'basiketi ya pa tsamba lanu. Kudina kudzakwera mtengo, ndipo musadandaule nazo.

Tsopano pali nkhani ina imene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi imene imapusitsa ngakhale makampani okhala ndi akatswiri odzaza ofesi. Lipoti likanena kuti uthenga wanu wagulitsa zikwama 10, funso ndi lakuti: mwa anthu 10 amenewa, ndi angati akanagula ngakhale mukanapanda kutsatsa? Mu 2012 akatswiri a zachuma Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis anayesa zimenezi ku eBay, kampani yaikulu ya malonda a pa intaneti. Kampaniyo inkalipira kuti uthenga wake uzituluka pamwamba munthu akafufuza dzina lakuti eBay. Itasiya kulipira pa Yahoo ndi pa tsamba lofufuzira la Microsoft, pafupifupi anthu onse, 99.5 peresenti, anafikabe ku eBay podina linki yaulere imene inali m'munsi mwake. Zaka zonsezo ankalipira anthu amene anali kale pa njira yobwera. Atayesanso mawu ena osakhala dzina la kampani, pozimitsa zotsatsa m'madera ena a America n'kuzisiya zikuyakabe m'madera ena, anapeza kuti zinkagwira ntchito makamaka pa anthu atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo. Makasitomala okhazikika, amene ankadya gawo lalikulu la ndalamayo, ankagula chimodzimodzi. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya Econometrica.

Ena amamva nkhaniyi n'kunena kuti kutsatsa pa intaneti n'kutaya ndalama. Ine sindiiwerenga choncho. eBay imadziwika ndi aliyense, inu simudziwika, ndipo anthu atsopano amene zotsatsa zinawakoka ndi amene inu mukuwasowa. Chimene nkhaniyi ikukuuzani n'chakuti ndalama yanu ipite kwa amene sakukudziwani. Chenjerani kwambiri ndi zotsatsa zotsatira anthu amene anafika kale pa tsamba lanu. Pa lipoti zimaoneka zokongola zedi, kasitomala wa madola awiri kapena atatu, chifukwa ambiri mwa iwo anali atatsimikiza kale kugula ndipo uthengawo wangowaperekeza. Kumbukiraninso kuti wolemba lipotilo ndi yemweyo amene akukugulitsani malo. Facebook, mukapanda kusintha, imadziwerengera kasitomala amene wagula pasanathe masiku 7 chidinireni uthenga, kapenanso pasanathe tsiku limodzi atangouona osadina. Google nayo ili ndi kawerengedwe kake. Munthu mmodzi wogula chikwama chimodzi akhoza kuoneka m'malipoti onse awiri, aliyense akuti ndi wake. Ndipo chichokereni April 2021, pamene Apple inayamba kufunsa eni iPhone ngati akulola kutsatiridwa ndi mapulogalamu, gawo lina la manambala amenewa limakhala longoyerekeza ndi makina. Meta inanena yokha kuti kusinthaku kuichepetsera ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni mu 2022. Buku lanu la malonda ndilo likhale woweruza.

Makampani aakulu ena anaphunzira zimenezi atataya kale zambiri. Mu 2017 banki ya JPMorgan Chase inachepetsa mawebusaiti oonetsa zotsatsa zake kuchoka pa 400,000 kufika pa 5,000, ndipo inati zotsatira sizinasinthe kwenikweni. Chaka chomwecho Procter & Gamble, yomwe ija ya 1996, inadula madola oposa 100 miliyoni a zotsatsa za pa intaneti m'miyezi itatu, malonda ake osagwa. Mbali ina ya ndalama zoterezi imadyedwa ndi makompyuta onamizira kukhala anthu, oonera ndi kudina usiku ndi usana.

Tibwerere kwa mtsikana wa pa Instagram. 15 peresenti ya madola 40 ndi madola 6, mukutsala ndi 6, ndipo simutulutsa kalikonse chikwama chisanapite. Pa zonse zinayi, iyi ndiyo ndingayambire ine. Koma mfundo ya eBay ikugwiranso pano. Mukamupatsa nambala yachinsinsi yoti omutsatira azichotseredwa mtengo, nambalayo imayenda, ndipo posakhalitsa makasitomala anu akale ayamba kuigwiritsa ntchito, inu n'kumalipira komishoni pa anthu amene anali anu kale. Gwirizanani kuti komishoni ndi ya ogula koyamba okha, ndiponso kuti izilipidwa nthawi yobweza katundu ikadutsa, kuopa kulipirira chikwama chimene chabwerera. Auzenso omutsatira poyera kuti akulandirapo kanthu, popeza m'mayiko ambiri, monga America ndi Britain, malamulo amafuna zimenezo, ndipo anthu akazitulukira okha dzina loipa limagwera inu nonse. Dziwaninso kuti popeza katundu wa kuluza ali pamutu pake, akaona milungu iwiri yadutsa osapeza kanthu adzangosiya mwakachetechete n'kutsatsa za wina. Ngati akukubweretseranidi anthu atsopano, musaumire, mukhoza kumukwezera mpaka madola 8 n'kukhalabe pabwino kuposa Facebook ya mwezi watha.

Malire a madola 12 aja akhoza kusuntha pang'ono. Ngati buku lanu likusonyeza kuti mwa makasitomala atatu mmodzi amabweranso kudzagula chachiwiri, ndiye kuti kasitomala watsopano amakubweretserani pafupifupi madola 16, ndipo mukhoza kumugula pa 13 kapena 14 osaluza. Koma zikhale zolembedwa m'buku, osati zongolakalaka, chifukwa Facebook ndi Google ndalama yawo amatenga lero pamene chikwama chachiwiricho chidzagulidwa miyezi isanu ikubwerayi.

Madola 50 a mwezi uno ndikanawagawa motere. Mtsikanayo ayambe, popeza safuna ndalama yapatsogolo. Madola 30 apite ku Google pa mawu ochepa osonyeza kuti munthu akufuna kugula, osaphatikizapo dzina la bizinesi yanu. Pa masenti 40 ndiye kuti odina 75, ndipo pafunika zikwama zitatu kuti muone kuwala. Anthu 75 ndi ochepa, mwayi wokha ukhoza kukupatsani chimodzi kapena zisanu, choncho musaweruze ndi mwezi umodzi. Madola 20 otsalawo abwerere ku Facebook mutakonza tsamba lanu, mutasintha chimene mukupempha, ndi zithunzi ziwiri zosiyana kuti muone chokoka anthu. Mwini webusaiti adikire kaye. Aliyense wogula muzimufunsa kuti anakudziwirani kuti, n'kulemba yankho pambali pa dzina la chikwama chimene watenga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, zimitsani njira imene ikudzitama kwambiri pa lipoti kwa milungu iwiri, zina zonse zili chiyakire, ndipo muwerenge zikwama zimene zatuluka pa milungu imeneyo poyerekeza ndi iwiri yam'mbuyo mwake. Mukatero munditumizirenso manambalawo.